Medicare ndi ejenti woima payekha: mafunso ndi mayankho kwa amene akupuma pa ntchito ku America

Munthu akamayandikira zaka 65 ku America, bokosi lake la makalata limayamba kudzaza. Amabwera maenvelopu a mitundumitundu, ena ooneka ngati achokera ku boma chonsecho ndi a kampani ya inshuwalansi, ndipo foni nayo siyipuma. Amalawi ambiri amene anafika kuno zaka makumi awiri kapena atatu zapitazo, ku South Bend, ku Maryland, ku Texas ndi kwina, afika msinkhu umenewu. Ena akusankhira makolo amene anawaitanitsa kuchokera kumudzi. Mafunso ali m'munsiwa ndi omwe amamveka kawirikawiri tikakumana, ndipo maganizo anga ndiwaneneretu: ejenti wabwino woima payekha ndi wofunika kwambiri, makamaka m'chaka choyamba cha Medicare, inshuwalansi ya zaumoyo ya boma ya anthu a zaka 65 kupita m'tsogolo, koma muyenera kudziwa amene amamulipira.

Kodi ejenti woima payekha ndi ndani?

Ndi munthu amene ali ndi laisensi ya state yanu yogulitsira inshuwalansi ya zaumoyo, ndipo anasainirana mapangano ndi makampani angapo, monga UnitedHealthcare, Humana, Aetna kapena Blue Cross Blue Shield. Ambiri amamutchula kuti broker. Pali ejenti winanso amene amagwirira ntchito kampani imodzi yokha. Ameneyo akhoza kukhala munthu wachilungamo ndithu, koma ali ngati woitanira minibasi: amadziwa bwino njira ya galimoto yakeyo, koma sangakuuzeni kuti ili patsidyayo ndiyo ikafike msanga kwanu. Woima payekha amatha kuika mapulani a makampani osiyanasiyana patebulo limodzi n'kuwayerekezera ndi madokotala anu, mankhwala anu ndi thumba lanu.

Medicare si ya boma kodi? Nanga ogulitsa akubweramo bwanji?

Ndi ya boma, inde. Pulezidenti Lyndon B. Johnson anasaina lamulo lake pa 30 July 1965. Koma kakhadi kofiira, koyera ndi kabuluu kaja kamangokupatsani magawo awiri. Part A imalipira mukagonekedwa m'chipatala, ndipo ngati inu kapena mnzanu wa pabanja munagwira ntchito n'kudula msonkho wa Medicare kwa zaka 10, simulipira kanthu pamwezi. Part B ndi ya kuonana ndi dokotala, kuyezetsa, ndi chithandizo china chosagonera. Imeneyi mumalipira mwezi ndi mwezi, ndipo mu 2025 anthu ambiri ankalipira $185.

Vuto ndi loti magawo awiriwa ali ndi mabowo. Mu 2025 munthu wogonekedwa ankayamba wadzilipirira yekha $1,676 Part A isanalowererepo. Ku Part B, mukamaliza deductible ya pachaka, ndalama zomwe mumayamba mwalipira nokha, Medicare imalipira 80 peresenti, inu 20 peresenti, ndipo 20 peresenti imeneyi ilibe malire. Chithandizo cha khansa chikakwana $50,000 pa mitengo yovomerezeka ndi Medicare, $10,000 ndi yanu, ndipo chikapitirira inunso mupitirira nacho. Mankhwala okagula ku famase sali mu Part A kapena Part B. Mano, magalasi a maso, zipangizo zothandiza kumva, ndiponso kusamalidwa kwa nthawi yaitali kunyumba ya okalamba, zonsezi Medicare ya boma siyilipira mwa nthawi zonse.

Mabowo amenewa amatsekedwa ndi makampani oima paokha, ndipo apa m'pamene maejenti amalowera. Kulembetsa Part A ndi Part B kumachitikira ku Social Security, osati kwa ejenti.

Ndiye ndikusankha pakati pa chiyani ndi chiyani?

Njira ndi ziwiri.

Yoyamba: mumakhalabe mu Medicare ya boma, n'kugulirapo Medigap, inshuwalansi yoonjezera ya kampani, yoti izilipira zotsala zija, komanso Part D ya mankhwala. Mumapita kwa dokotala aliyense mu America amene amalandira Medicare, popanda kupempha chilolezo kwa kampani pa zinthu zambiri. Pamwezi mumalipira zochulukirapo, koma tsiku lodwala bilu imakhala yochepa.

Yachiwiri ndi Medicare Advantage, yomwe imatchedwanso Part C. Kampani imatenga chisamaliro chanu chonse, nthawi zambiri pamodzi ndi mankhwala, n'kuonjezerapo tina monga mano ndi magalasi. Mapulani ambiri amalengeza kuti premium yawo, ndalama yolipira pamwezi, ndi $0, ngakhale ya Part B ija mumalipirabe. Mumagwiritsa ntchito madokotala ndi zipatala za mu network ya pulaniyo, zomwe zinapangana ndi kampaniyo, mumalipira copay, gawo lanu la bilu, pafupifupi paliponse mwapita, ndipo chithandizo china chimafuna kuti kampani ivomereze kaye. Ubwino wake waukulu ndi woti pali malire a ndalama zomwe mungalipire pachaka. Mu 2025 lamulo silinkalola malirewo kupitirira $9,350 pa chithandizo cha mu network. Panopa anthu oposa theka la oyenera kulowa mu Medicare Advantage ali m'menemo.

Palibe njira yolondola kwa aliyense. Mayi wathanzi amene madokotala ake onse ali m'tauni imodzi, ndalama zake zili zoperewera, Advantage ikhoza kumuyenera. Bambo wa matenda a impso amene miyezi ina amakhala kwa mwana wake ku Dallas, ina kwa wina ku Seattle, nkhani yake ndi ina.

Chinthu chachikulu chomwe ejenti angandipulumutse nacho n'chiyani?

Khomo la miyezi isanu ndi umodzi. Ngati pali yankho limodzi loti muliwerenge kawiri patsambali, ndi lino.

Kuyambira mwezi woyamba umene muli ndi zaka 65 kapena kuposa ndipo Part B yanu yayamba, muli ndi miyezi 6 yoti mugule Medigap iliyonse yogulitsidwa mu state yanu, ndipo kampani singakukaneni kapena kukukwezerani mtengo chifukwa cha matenda. Kaya muli ndi shuga, kaya BP, kaya munachitidwapo opaleshoni ya mtima, akulandirani basi. Miyezi imeneyi ikadutsa, m'ma state ambiri kampani imakhala ndi ufulu wokufunsani za thanzi lanu, ndipo ikhoza kukukanani.

Taonani mmene anthu amakodwera. Pa zaka 65 munthu ali gwa, amaona pulani ya Advantage ya $0, amalowa. Palibe cholakwika pamenepo. Pa zaka 71 matenda aakulu amugwira, dokotala amene akumufuna sali mu network, ma copay akuwunjikana. Amaganiza zobwerera ku Medicare ya boma, ndipo kubwererako n'kololedwa nthawi ya kalembera wa chaka ndi chaka wosinthira mapulani. Koma akapita kukagula Medigap, amufunsa za matenda omwewo amene amubweretsa, n'kumubweza. Amatsala ndi 20 peresenti yopanda malire ija, kapena kubwerera ku Advantage. Malonda a pa TV sanena zimenezi, chifukwa si ntchito yawo kunena.

Ejenti wabwino amakuuzani zimenezi musanasaine chilichonse. Amadziwanso malamulo a kwanuko, poti amasiyana: ku New York ndi ku Connecticut makampani amayenera kugulitsa Medigap chaka chonse osafunsa za thanzi, pomwe ku California ndi ku Oregon amene ali kale ndi Medigap amapatsidwa mpata wosintha chaka chilichonse nthawi ya tsiku lawo lobadwa. Palinso ufulu woyeserera: ngati munalowa Advantage mutangoyamba kumene Medicare pa zaka 65, mukhoza kutulukamo m'miyezi 12 yoyambirira n'kugula Medigap osafunsidwa za matenda. Munthu wosadziwa za miyezi 12 imeneyi amangoiona ikudutsa.

Pa Medigap pali phindu linanso la ejenti wa makampani ambiri. Mapulaniwa ali ndi zilembo, monga G ndi N, ndipo kupatula ku Massachusetts, Minnesota ndi Wisconsin komwe ali ndi dongosolo lawolawo, Plan G ya kampani iyi imalipira zofanana ndendende ndi Plan G ya kampani ina. Chosiyana ndi mtengo, komanso mmene kampaniyo imakwezera mtengo chaka ndi chaka. Ejenti amene wakhalitsa m'dera lanu amadziwa makampani amene amayamba motchipa kenako n'kukweza moopsa. Anzanu akale akakulimbikitsani Plan F, dziwani kuti iyo ndi Plan C sizigulitsidwanso kwa anthu amene anayamba kuyenerera Medicare kuyambira pa 1 January 2020.

Ine ndikugwirabe ntchito ndipo ndili ndi inshuwalansi ya kuntchito. Ndidikire?

Mwina, koma musadikire mongoganizira. Nthawi yoyamba yolembetsa ndi miyezi 7: itatu musanakwanitse zaka 65, mwezi wobadwa, ndi itatu yotsatira. Ngati inu kapena mnzanu wa pabanja mukugwira ntchito pamalo a antchito 20 kapena kuposa ndipo muli pa inshuwalansi ya pamenepo, mukhoza kuchedwetsa Part B popanda chilango. Mukasiya ntchito mumapatsidwa miyezi 8 yolembetsa. Pamalo a antchito osakwana 20, nthawi zambiri Medicare ndiyo imayenera kulipira poyamba, choncho kuchedwa kukhoza kukusiyani pamtunda.

Msampha wodziwika ndi COBRA. Anthu amapuma pa ntchito, n'kupitiriza inshuwalansi ya kuntchito kudzera mu COBRA, n'kumaganiza kuti ali bwinobwino. Kwa Medicare, COBRA siyiwerengedwa ngati inshuwalansi ya munthu wogwira ntchito, ndipo miyezi 8 ija imakhala ikutha. Chilango cha Part B ndi 10 peresenti pa chaka chilichonse chathunthu chimene munachedwa, ndipo mumachilipira moyo wanu wonse. Wochedwa zaka zitatu, pa mtengo wa 2025, akanaonjezera $55.50 mwezi uliwonse. Part D nayo ili ndi chilango chake mukakhala masiku 63 kapena kuposa opanda inshuwalansi ya mankhwala yovomerezeka, ngakhale mutakhala kuti simumwa ndi panado yemwe.

Ambiri mwa ife timagwira ntchito ziwiriziwiri m'nyumba zosamalira okalamba, ena kudzera m'makampani ang'onoang'ono. Funsani ku ofesi ya antchito kuti pamalopo pali anthu angati ndiponso ngati inshuwalansi yanu ya mankhwala ndi creditable, kutanthauza yovomerezeka kuti ikufanana ndi Part D, n'kupita ndi mayankhowo kwa ejenti. Ngati mumaponya ndalama mu HSA, akaunti yosungiramo ndalama zolipirira chithandizo cha kuchipatala, mutchulireni, chifukwa mukalowa Medicare simuloledwanso kuponyamo.

Ndimulipira zingati?

Kawirikawiri palibe. Amalipidwa komishoni ndi kampani yomwe mwalowa, ndipo mtengo wa pulani ndi umodzimodzi kaya mwadzera kwa ejenti kaya mwalembetsa nokha. Pa Medicare Advantage ndi Part D, bungwe la boma la CMS limaika malire a komishoni chaka chilichonse. Mu 2025, m'ma state ambiri malire a Advantage anali $626 pa munthu wolowa koyamba, ndi theka lake chaka chilichonse chimene munthuyo akhalebe m'pulani. Ya Part D ndi yochepa kwambiri poyerekeza. Ya Medigap imakhazikitsidwa ndi kampani, nthawi zambiri ngati gawo la ndalama zomwe mumalipira.

Ngati amalipidwa ndi makampani, ndimukhulupirira bwanji?

Funsoli ndi loyenera, ndipo aliyense wokuuzani kuti komishoni siyikhudza uphungu akukunamizani. Dzina loti woima payekha silitanthauza kuti amagulitsa mapulani onse a m'dera lanu. Amagulitsa okhawo a makampani amene anapangana nawo. Pali mapulani ena, makamaka a mankhwala, amene makampani salipirako komishoni n'komwe, ndipo ejenti waulesi kapena wadyera sangawatchule. Malipiro a Advantage ndi a Medigap nawonso safanana, choncho pali chokoka.

Koma dongosololi lilinso ndi mbali yokomera inu. Popeza ejenti amalandira kenakake chaka chilichonse mukakhalabe naye, amene akufuna kukhalitsa pa ntchitoyi amapindula mukakhala okhutira, n'kukauzanso anzanu a kutchalitchi. Amene amakhala m'tauni yanu, amene mudzakumana naye ku sitolo, ali ndi zambiri zoti ataye kusiyana ndi mawu a pafoni ochokera ku call center ya kutali, amene mawa mukaimbanso mupeza wina.

Mufunseni mosapita m'mbali. Mumagulitsa za makampani angati kuno, ndipo ndi ati amene simugulitsa? Mumagulitsa Medigap ndi Advantage zonse ziwiri? Pa mapulani awiri mwandionetsawa, mumalandira zochuluka pa iti? Ejenti woona amayankha osachita tsinya. Lamulo limafunanso kuti amene sagulitsa mapulani onse a m'deralo anene zimenezo poyera. Kwa ife amene tinaleredwa kuti kufunsa munthu za malipiro ake ndi mwano, funso lachitatulo limalemera pakamwa. Lifunseni ndithu, si mwano kuno, ndipo thanzi lomwe lili pachiswe ndi lanu.

Tikakumana, chimachitika n'chiyani? Nditenge chiyani?

Musanakambe za Advantage kapena Part D, adzakupatsani fomu yotchedwa Scope of Appointment, pomwe mumachonga zimene mwavomera kukambirana. Fomuyi siyikukakamizani kugula. Imangomuletsa kuti asayambe kukugulitsani zina, monga inshuwalansi ya moyo, pa nkhumano yomwe munaitanitsira za Medicare. Mukalembetsa pafoni, kukambiranako kumajambulidwa.

Tengani jumbo, muikemo mabotolo onse a mankhwala amene mumamwa, ndi a m'maso omwe, ndi inhaler, ndi insulin. Musadalire pamtima. Ejenti wodziwa ntchito amawakhuthulira patebulo, n'kumatenga limodzilimodzi: dzina, mamiligalamu, kangati patsiku, famase yomwe mumatengako. Amalowetsa zonsezo mu kompyuta, ndipo mumaona ndi maso anu mapulani akusinthana malo pa sikirini. Pulani yomwe imaoneka yotchipa ikhoza kutsikira pansi chifukwa cha botolo limodzi lokha lomwe silili pa mndandanda wa mankhwala ake, kapena lomwe laikidwa pa gulu lodula. Nambala yofunika kuiona ndi ya chaka chonse, kuphatikiza premium, deductible ndi mankhwala, osati ya pamwezi yokha.

Tenganinso maina a madokotala anu onse ndi chipatala chomwe mungafune kugonekedwako. Akakuuzani kuti dokotala wanu ali mu network, imbani ku ofesi ya dokotalayo mutsimikize, ndipo tchulani dzina lonse la pulaniyo, chifukwa kampani imodzi imakhala ndi mapulani angapo ndipo dokotala akhoza kulandira ina n'kukana ina. Pitani ndi mwana wanu kapena mnzanu, makutu anayi amamva zambiri.

Nkhani yabwino pa mankhwala: kuyambira 2023 insulin yomwe ili pa pulani yanu sipitirira $35 pamwezi, ndipo kuyambira 2025 Part D ili ndi malire a pachaka, omwe anayambira pa $2,000, pa mankhwala amene pulaniyo imalipira.

Woipa ndimuzindikira bwanji?

Wokuimbirani foni inu musanamupemphe, kapena wogogoda pakhomo osaitanidwa kudzagulitsa Advantage kapena Part D, waswa kale lamulo. Wonena kuti akuchokera ku Medicare akunama, Medicare siyitumiza ogulitsa. Wofuna nambala ya khadi lanu mphindi zoyambirira, wokuthamangitsani kuti musaine lero lomwe, woyamba ndi kukunyengererani ndi khadi logulira zakudya asanafunse dzina la dokotala wanu, onsewo asiyeni. Laisensi ya ejenti aliyense mukhoza kuifufuza pa tsamba la Department of Insurance ya state yanu. Mukaona zachinyengo, kanenani ku 1-800-MEDICARE kapena ku Senior Medicare Patrol.

Kodi sindingathe ndekha?

Mungathe. Pa Medicare.gov pali chida choyerekezera mapulani onse a Advantage ndi Part D a m'dera lanu, ndi omwe ejenti sagulitsa. Komanso state iliyonse ili ndi SHIP, alangizi aulere amene sagulitsa chilichonse ndipo salandira komishoni. Maina amasiyana: ku California ndi HICAP, ku New York ndi HIICAP, ku Florida ndi ku Massachusetts ndi SHINE.

Ine ndimati gwiritsani ntchito onse awiri. A SHIP amafotokoza malamulo mopanda mbali, koma nthawi ya kalembera amachulukidwa, ndipo udindo wawo ndi kukuunikirani, kusankha n'kwanu. Ejenti amakulembetsani, amadziwa zipatala za m'deralo zomwe zikukangana ndi kampani iti, ndipo ndi amene mudzamuimbire mu February famase ikakana khadi lanu. Zimene ejenti wakuuzani, kazitsimikizeni ku SHIP kapena pa Medicare.gov. Ngati zikugwirizana, gonani tulo.

Amayi anga ndinawaitanitsa, ali ndi green card ndipo ali ndi zaka 70. Medicare awapatsa?

Osati nthawi yomweyo. Munthu wa green card amene sanagwirepo ntchito kuno amayenera kukhala mu America zaka 5 mosadukiza asanaloledwe kugula Medicare. Akakwanitsa, Part A siyikhala yaulere: mu 2025 inali $518 pamwezi kwa amene anagwira ntchito zosakwana zaka 7 ndi theka, kuonjezera pa Part B. Ndi ndalama zambiri, ndipo banja liyenera kukonzekeratu.

M'zaka zodikirazo, munthu woposa zaka 65 amene sanayenerere Medicare akhoza kugula pulani pa Marketplace, msika wa boma wogulirapo inshuwalansi ya zaumoyo. Si ejenti aliyense wa Medicare amene amagwiranso za Marketplace, choncho funsani. Malamulo okhudza anthu obwera asinthanso mu 2025, ndiye fufuzani mmene zilili chaka chimene mukulembetsacho. Ndipo ngati amayi amapita kumudzi kukakhala miyezi yambiri, funso loti zaka 5 zija zadukiza kapena ayi likafunsidwe ku Social Security, la green card yawo kwa loya wa zolowa ndi kutuluka. Ejenti si loya.

Ndikapuma ndikufuna ndizikhala miyezi ina ku Malawi, mwinanso kubwereratu. Zikhala bwanji?

Apa m'pamene nkhani yathu imasiyana ndi ya anzathu obadwira konkuno, ndipo ejenti sangaganizire yekha mukapanda kumuuza. Medicare ya boma siyilipira chithandizo cha kunja kwa America, kupatula pa zochitika zochepa kwambiri zomwe sizikhudza munthu wodwalira ku Lilongwe kapena ku Mzuzu. Part D siyilipira mankhwala ogula kunja.

Mapulani a Medigap C, D, F, G, M ndi N amalipira 80 peresenti ya chithandizo cha mwadzidzidzi kunja, mukayamba mwalipira $250, koma pokhapokha vutolo litayamba m'masiku 60 oyambirira a ulendo, ndipo malire ake ndi $50,000 moyo wonse. Wopita kumudzi mu May n'kudwala mu September sathandizidwa. Mapulani ena a Advantage amalipira za mwadzidzidzi kunja, koma mukakhala kunja kwa dera la pulani yanu kupitirira miyezi 6, nthawi zambiri amakuchotsani. Konse kuwiri, yembekezerani kulipira nokha kuchipatala, n'kusunga malisiti oti mudzaitanitsire ndalama pobwera. Mtengo wa ndege yonyamula wodwala kupita ku Johannesburg kapena kubwerera ku America ndi nkhani ina, yofuna inshuwalansi ya paulendo.

Wobwereratu ali ndi chisankho chovuta pa Part B. Mukapitiriza kulipira, mukulipirira chinthu chomwe simuchigwiritsa ntchito muli kumudzi. Mukasiya, ndiye patapita zaka zisanu matenda akubwezani kwa ana ku America, mupeza chilango cha 10 peresenti pa chaka chilichonse chikukudikirani, ndipo mwina mudikire mpaka kalembera wa 1 January mpaka 31 March kuti mulowenso. Ambiri amene amati akupita osabweranso amabwera, kawirikawiri chifukwa cha thanzi lomwelo. Ndikanakhala ine, sindikanasiya Part B ndisanakhale kumudzi nthawi yokwanira kudziwa kuti ndakhazikikadi, ndiponso ndisanafunse ku mabungwe a inshuwalansi ya zaumoyo a ku Malawi, monga MASM, ngati amalandira munthu wa msinkhu wanga ndi matenda anga, ndi pa mtengo wanji.

Akazi anga ali ndi zaka 60. Alowa nane?

Ayi. Medicare ndi ya munthu mmodzimmodzi, ilibe pulani ya banja. Mukapuma n'kusiya inshuwalansi ya kuntchito, mayiwo afunika yawo mpaka adzakwanitse 65, kaya ya kuntchito kwawo, COBRA kwa kanthawi, kapena Marketplace. Werengerani zimenezi musanalembe kalata yopumira.

Penshoni yanga ndi yochepa. Pali thandizo?

Lilipo, ndipo ambiri oyenera salifunsa. Medicare Savings Programs zikhoza kukulipirirani premium ya Part B. Extra Help imachepetsa mtengo wa mankhwala. Amene ali ndi Medicare ndi Medicaid (thandizo la boma la zaumoyo kwa opeza zochepa) zonse ziwiri ali ndi mapulani awo apadera. Ejenti wabwino amafunsa za ndalama zomwe mumapeza pa chifukwa chimenechi, ngakhale palibe chomwe iye apindule. Kwa opeza zambiri nkhani imatembenuka: premium ya Part B ndi Part D imakwera potengera msonkho wa zaka ziwiri zapitazo. Ngati ndalama zanu zatsika chifukwa chopuma pa ntchito, fomu ya SSA-44 imapempha kuti aonenso.

Pali Mmalawi mnzathu amene akugulitsa inshuwalansi. Si bwino kungopita kwa iyeyo?

Kumva zinthu zovutazi m'chinenero chanu n'kwamtengo wapatali, makamaka kwa agogo amene Chingerezi cha pafoni chimawathamangira. Iye amamvetsanso msanga za maulendo a kumudzi ndi za makolo a green card. Koma mafunso ndi omwe aja: laisensi, makampani angati, Medigap ndi Advantage zonse ziwiri. Chovuta cha munthu wodziwana naye n'choti kukana kumachititsa manyazi, ndipo mwina simungamasuke kumuonetsa mabotolo onse a m'jumbo muja poopa kuti nkhani ya matenda anu imveka pagulu. Botolo lomwe mwabisa ndi lomwe likhoza kukhala lodula kuposa onse. Ngati simungamuuze zonse, pitani kwa wina.

Ndinasankha kale zaka zapitazo. Ejenti ndimufuniranji?

Mapulani a Advantage ndi Part D amasintha chaka chilichonse: mankhwala amachotsedwa pa mndandanda, madokotala amatuluka mu network, ma copay amakwera, mapulani ena amatsekedwa. Pofika kumapeto kwa September kampani imakutumizirani kalata yotchedwa Annual Notice of Change. Musaiponye pamodzi ndi maenvelopu a malonda aja. Kalembera wamkulu amayamba pa 15 October mpaka 7 December, ndipo zosinthazo zimayamba pa 1 January. Amene ali mu Advantage ali ndi mpata wina wosintha kamodzi pakati pa 1 January ndi 31 March.

Ejenti wanu amalandira ndalama chaka chilichonse chifukwa cha inu, choncho kukhala naye pansi nthawi imeneyi ndi jumbo ya mankhwala ija si kumuvutitsa. Ngati October wadutsa kawiri osakuimbirani, ndipo inu mukaimba sakuyankha, pezani wina mwezi wa September usanathe, maejenti asanayambe kupanikizika.